Makina akale "ochiza matenda onse": mafunso ndi mayankho kwa amene akufuna kuwagulitsa

Pafupifupi mwezi uliwonse ndimalandira chithunzi cha kabokosi kathabwa kapena lamba wamawaya, pansi pake pali funso lakuti, "Kodi ichi n'chiyani, nanga chingagulidwe ndalama zingati?" Wina anachipeza pamene ankagulitsa katundu wa m'nyumba ya malemu, wina anachitola pa mulu wa ziwiya zogwiritsidwa kale ntchito, n'kuchigula motchipa chifukwa chinamukopa maso. Izi ndi zipangizo zimene madokotala achinyengo ankagulitsa ku America ndi ku Ulaya zaka 100 kapena 200 zapitazo. Ndakhala ndikuzigula ndi kuzigulitsa kwa nthawi yaitali ndipo ndimazikonda, koma sindiiwala kuti amene anayamba kugula chilichonse mwa izo anali munthu wodwala, wamantha, amene anatulutsa ndalama zake pofuna moyo. Mayankho ali m'munsiwa achokera pa zinthu ziwiri zimenezo.

Ndangofika nacho kunyumba. Ndiyambe ndi chiyani?

Ugwireni kaye mtima. Musachilumikize ku magetsi, musachipukute, musamasule pena paliponse, ndipo musataye kapepala kalikonse kamene kali m'bokosimo ngakhale katadyeka ndi njenjete. Chiikeni pa tebulo pamalo owala, muchijambule mbali zonse: kunja, m'kati, pansi, kunsi kwa chivindikiro, ndi zilembo zonse zodindidwa pa chitsulo. Ngati muli mabotolo kapena ufa, musanunkhize, ndipo ana asayandikire. Mukamaliza sambani m'manja. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zambiri zimene zimagwetsa mtengo wa chipangizo chotere zimachitika tsiku loyamba, mwini wake ali wosangalala, nsanza ili m'manja.

Ndingadziwe bwanji kuti ndi chipangizo chanji?

Werengani dzina lililonse limene lili pa chitsulo kapena pa pepala, mulifufuze pa intaneti. Ngati dzina linafufutika, maonekedwe akuuzani, chifukwa zambiri zimene zimapezeka n'za mitundu yochepa.

Kabokosi kathabwa kokhala ndi chopukusira, m'kati muli chitsulo cha maginito chopindika ngati chilembo cha U, magiya, ndi timapaipi tiwiri tamkuwa togwira m'manja: amenewo ndi makina a mtundu wa Davis & Kidder, amene analandira patent (chikalata cha boma chotsimikiza mwini wa chinthu chotulukiridwa kumene) ku America pa 1 Ogasiti 1854. Wodwala ankafumbata timapaipito, mnzake n'kumapukusa, magetsi n'kumamugwedeza mikono. Ankati zimachiza matenda a mitsempha ndi kuwawa kwa dzino.

Kasutikesi kakang'ono kokutidwa nsalu yofewa m'kati, muli ndodo yakuda ndi magalasi angapo ogona lililonse pamalo pake, lina looneka ngati bowa, lina ngati chipeso, lina lopindika loti lizungulire khosi: imeneyo ndi violet ray. Ikayaka, galasi limawala mtundu wapepo, likuthetheka pakhungu, ndipo m'chipinda mumadzaza kafungo kolasa m'mphuno. Zinafala kwambiri m'ma 1920 ndi m'ma 1930. Kampani ya Renulife ya ku Detroit inapanga zambiri, a ku Germany nawo sanatsalire. Timabuku take timatchula dazi, ziphuphu, nyamakazi, kugontha, mndandanda wosatha.

Unyolo wa mkuwa ndi zinki, kapena lamba wokhala ndi tizitsulo tozungulira, n'zochokera ku banja la unyolo wa Pulvermacher wa m'ma 1850, umene ankauviika mu viniga kuti utulutse timagetsi tochepa. Cha m'ma 1900, buku la malonda la Sears, Roebuck linkatsatsa Heidelberg Electric Belt, makamaka kwa amuna amene ankadandaula za kuchepa mphamvu.

Kachitsulo konyezimira kotalika ngati kachitini, kokhala ndi waya ndi kambale komangirira pa kakolo, ndi Oxydonor ya Hercules Sanche, ya m'ma 1890. Ankachiika m'madzi ozizira, wodwala n'kugona, ati thupi likumwa mpweya wabwino kudzera pakhungu. Amene anachidula anapezamo kandodo ka khala basi, ndipo m'zina zotengera icho munali mchenga, sulufule ndi makala. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Ngati chanu sichikufanana ndi zimenezi, musakhumudwe. Nthawi zambiri chachilendo ndicho chimakhala ndi mtengo.

Zaka zake ndingazidziwe bwanji?

Nambala ya patent ndiye mboni yoyamba. Ku America nambala 1,000,000 inatuluka mu Ogasiti 1911, ndipo 2,000,000 inatuluka mu Epulo 1935, choncho nambala yokha ikuuzani kale nyengo yake. Ilembeni pa Google Patents, mudzaona chojambula cha mwini wake ndi mawu amene analemba. Koma dziwani kuti deti la patent limangotanthauza kuti chipangizocho sichingakhale chakale kuposa pamenepo. Mabokosi olembedwa 1854 anapitiriza kupangidwa kwa zaka makumi angapo deti lili lomwelo.

Pali zizindikiro zina. Zilembo D.R.G.M. n'za ku Germany, kuyambira 1891 mpaka nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Mawu akuti "Made in Germany" anafala Britain atakhazikitsa lamulo la 1887 lokakamiza kulemba kumene katundu wachokera. Bakelite, pulasitiki yolimba yakuda kapena yofiirira ija, inatulukiridwa mu 1907, ndiye ndodo ya Bakelite singakhale ya m'ma 1800. Zomangira za mutu wamtanda zinayamba m'ma 1930. Mukaziona pa bokosi lonena kuti ndi la 1860, pali wina analigwirapo, kapena bokosilo si lakale monga likunenera.

Kodi chingandivulaze chili chikhalire pa shelefu?

Zambiri ayi. Koma pali gulu limodzi limene sindiseka nalo, la zinthu za radium ndi uranium, zitsulo zimene zimatulutsa mphamvu yosaoneka yowononga thupi yotchedwa radiation.

Ngati mwapeza mtsuko wadothi wokhala ndi kampopi, wolembedwa Revigator, musathiremo madzi akumwa ngakhale kamodzi. Unalandira patent mu 1912 ndipo kampani ya ku San Francisco inagulitsa yambirimbiri m'ma 1920. M'kati mwake anamata miyala ya uranium. Malangizo ankati dzazani madzi usiku, mawa muzimwa. Akatswiri amene anayeza mitsukoyi masiku ano anapeza kuti madzi ake amatenga mtovu, arsenic ndi uranium, kuwonjezera pa mpweya wa radon.

Kabotolo kolembedwa Radithor n'koopsa kuposa pamenepo. William J. A. Bailey wa ku East Orange, New Jersey, ankagulitsa madzi osungunuliramo radium weniweni. Eben Byers, mponda matiki wa ku Pittsburgh amene anakhalapo katswiri wa gofu, anamwa mabotolo pafupifupi 1,400. Nsagwada zake zinawola, ndipo anamwalira mu Malichi 1932. Radium-226 amatenga zaka 1,600 kuti mphamvu yake itsike ndi theka, kutanthauza kuti kabotolo ka zaka 100 kali ndi ukali pafupifupi wonse umene kanali nawo tsiku lotuluka m'fakitale. Ngakhale kaoneke kouma, zotsalira zili pa galasi ndi pa chitsekerero.

Mukaona mawu oti radium, radio-active, thorium kapena emanation, chiikeni m'thumba lapulasitiki, muchisunge pamalo opita mphepo kutali ndi pogona, kenako mulankhule ndi bungwe loona za radiation la m'dziko lanu. Ali ndi makina oyezera ndipo akuuzani ngati n'chololedwa kusunga. Za malonda zibwere pambuyo.

Zina zoti musamale nazo ndi mercury m'timachubu tagalasi, asbestos woyera wonyenyeka pafupi ndi mbali zotentha, utoto wamtovu, ndi mabatire akale amene anatayikira asidi.

Ogula amafunsa ngati chikugwira ntchito. Ndichiyatse?

Chopukusa ndi dzanja mungachipukuse pang'onopang'ono kuti muone ngati magiya akuyenda, osagwira timapaipi tija. Cholumikiza ku khoma, musayerekeze. Mawaya ake anakutidwa nsalu ndi labala amene anauma n'kung'ambika, chilibe waya woteteza wopita pansi, ndipo zambiri za ku America zinapangidwira mavoti 110, pamene mayiko ochuluka amagwiritsa ntchito 220 mpaka 240. Mungawotche koyilo imene yakhala bwinobwino zaka 90, kapena kuwotcha nyumba. Kwa munthu amene ali ndi kachipangizo kothandizira mtima kugunda, violet ray ndi ngozi yeniyeni. Lembani kuti simunachiyese. Wosonkhanitsa zakale wodziwa zinthu amakonda kumva zimenezo kusiyana n'kumva kuti munachiyatsa "kangapo konse".

Nanga kuchitsegula kuti ndione za m'kati?

Ngati chili ndi chidindo kapena chomata cha fakitale, chisiyeni. Pa zipangizo zina chomatacho ndiye mtima wa nkhani yonse. Albert Abrams wa ku San Francisco ankabwereketsa makina ake otchedwa Oscilloclast ali otseka, wobwereka n'kusaina kuti sadzawatsegula. Ankatinso makina ake ena, Dynamizer, amadziwa matenda onse ndi dontho limodzi la magazi. Dokotala wina anatumiza magazi a tambala kwa mmodzi wa ogwiritsa ntchito makinawa, yankho n'kubwera lakuti wodwalayo ali ndi malungo, shuga, khansa ndi chindoko. Magazini ya Scientific American inafufuza nkhaniyi mu 1923 ndi 1924 n'kupeza kuti zonse zinali zopanda pake, ndipo Abrams anamwalira mu Januwale 1924 kafukufukuyo asanathe. Bokosi lotere likakhala kuti silinatsegulidwepo, limasonyeza m'mene chinyengocho chinkatetezedwera. Mukathyola chomata, mwachotsa chinthu chimene simungachibwezerenso.

Ndichiyeretse kuti chikongole pa chithunzi?

Fumbi lichotseni ndi burashi yofewa youma, basi. Polishi, vanishi, sandipepa ndi mafuta zikhale kutali. Kuda kwa mkuwa wakale ndi kumene ogula amafuna kuona, ndipo mkuwa wowala ngati wa dzulo umawakayikitsa.

Samalani kwambiri ndi pepala la kunsi kwa chivindikiro. Nditangoyamba kumene, ndinadutsitsa kansalu konyowa pang'ono pa pepala lotere kuti ndichotse kabanga. Panali chithunzi cha mayi atakhala pampando atagwira timapaipi, bambo wandevu akupukusa. Nditachotsa dzanja, nkhope ya mayiyo inali itasamukira pa nsalu. Pepalalo linapulumuka zaka zoposa 100 m'nyumba za anthu osawadziwa, n'kudzawonongeka m'manja mwanga pa kamphindi. Mpaka lero zimandiwawa.

Kodi pali zabodza, zongotengera?

Zilipo, makamaka mitu yadothi yoyera yogawidwa zigawo, yolembedwa L. N. Fowler, ya anthu amene ankati amawerenga khalidwe la munthu pa mabampu a chigaza. Yochuluka imene ili pa msika ndi yatsopano, ndipo ming'alu ya pa utoto wake anachita kuipanga dala. Mabokosi amagetsi sawatengera kawirikawiri, koma amawaphatikiza: bokosi la kampani ina, ndodo ya ina, magalasi ogulidwa chaka chatha. Onani ngati chilichonse chikukwana bwino pamalo pake m'bokosi. Mukapeza kuti chanu n'chophatikiza, nenani choncho pogulitsa.

Ndiye mtengo wake ungakhale wotani?

Apa ambiri amakhumudwa, ndipo ndi bwino ndinene mosabisa. Ukale pawokha si ndalama. Makina opukusa ndi ma violet ray anapangidwa ochuluka zedi, ndipo popeza anali okongola anthu sankawataya, ndiye alipo ambiri mpaka pano. Wamba amagulidwa madola makumi angapo mpaka mazana ochepa. Zimene zimakweza mtengo ndi kukwanira kwa zonse, pepala losang'ambika, kabuku ka malangizo, bokosi lake lenileni, dzina lodziwika, ndi umboni wa amene anali mwini wake. Zosowa, monga tindodo tachitsulo teniteni ta dokotala Elisha Perkins, makina a Abrams, kapena Spectro-Chrome ya Dinshah Ghadiali, bokosi la babu lowala kwambiri ndi magalasi amitundumitundu lija, zili pa mlingo wina.

Pofufuza, musayang'ane mtengo umene anthu akutsatsira. Munthu angalembe chilichonse, katundu n'kukhala zaka zitatu osayenda. Yang'anani mtengo umene zinagulidwa. Pa tsamba la malonda la eBay pali posankha kuti muone zogulidwa kale zokha, ndipo LiveAuctioneers, Invaluable ndi WorthPoint amasunga zotsatira za okushoni, ngakhale ena amalipiritsa. Pezani zisanu kapena khumi zofanana ndi chanu, musiye chokwera kwambiri ndi chotsika kwambiri, muone pakati.

Ndigulitse kudzera njira iti?

Funso lalikulu ndi limeneli, ndipo yankho limadalira zinthu zitatu: chipangizocho n'chosowa motani, mukufuna ndalama mwachangu motani, ndiponso muli ndi nthawi yochuluka bwanji yolimbana ndi mafunso a ogula.

Wamalonda wa zinthu zakale amakupatsani ndalama lero lomwe, nkhani n'kutha. Koma amagula kuti akagulitsenso, ndipo kawirikawiri amapereka theka la mtengo umene akayike, mwinanso kucheperapo. Si kuba: amalipira malo, ndipo katundu angamukhalire chaka. Chimene muyenera kupewa ndi kufunsa mtengo kwa munthu yemweyo amene akufuna kugula, n'kukhulupirira yankho lake lokha. Safunsa anadya phula. Onetsani awiri kapena atatu.

Kugulitsa nokha pa intaneti kumakufikitsani kwa ogula a mayiko ambiri ndipo phindu limakhala lanu, kuchotsapo komishoni ya tsambalo. Ntchito yonse ndi yanunso: kujambula, kuyankha, kulongedza, ndi kulandira katundu wobwezedwa galasi litasweka m'njira. eBay ndiye msika waukulu wa zinthu zotere, Etsy nayo imalola katundu wa zaka zoposa 20. Masamba onsewa ali ndi malamulo okhudza zipangizo zachipatala ndi zinthu zoopsa, ndipo amachotsa malonda osachenjeza. Awerengeni musanayike. Kwa chipangizo wamba, ikani mtengo wokhazikika n'kulola anthu kunenerera. Kupikisanitsa ogula kumayenda bwino pokhapokha ngati pali anthu awiri amene akuchifunitsitsa sabata yomweyo.

Okushoni ya akatswiri ndi ya chinthu chosowa kapena chokhala ndi mbiri yolembedwa. Bonhams imachititsa malonda a zipangizo zasayansi, ndipo Auction Team Breker ya ku Cologne imadziwika ndi makina akale. Atumizireni zithunzi, adzakuuzani ngati akuchifuna ndi mtengo umene akuyembekeza. Musanasaine, funsani zonse: komishoni yanu ndi yochuluka bwanji, kujambula ndi inshulansi amalipira ndani, mtengo wotsikitsitsa umene sangagulitse pansi pake ndi uti, chikapanda kugulidwa mudzalipira chiyani, ndalama zidzafika liti. Kumbukiraninso kuti wogula naye amalipira ndalama yowonjezera pamwamba pa mtengo, ndipo amaiwerengera akamakweza dzanja. Kudikira kungatenge miyezi.

Pali ndi magulu a osonkhanitsa zinthu zachipatala zakale. Kumeneko mumapeza anthu odziwadi, amene angakuuzeni chaka ndi fakitale pongoona chogwirira. Ine ndimakonda njira imeneyi chifukwa ndimadziwa kumene chinthu chikupita.

Maganizo anga ndi awa. Chipangizo wamba chokwanira bwino, gulitsani nokha. Chosowa, pitani kwa akatswiri ndipo musapupulume. Chachikulu cholemera, pezani wogula wodzatenga yekha. Cha radium, musatsatse n'komwe musanamve kwa a boma.

Nyumba zosungiramo zinthu zakale sizingagule?

Sizigula kawirikawiri. Zambiri zimalandira mphatso, ndipo zili nazo kale zamtundu wamba. Bob McCoy anasonkhanitsa zipangizo zotere ku Minneapolis m'nyumba yotchedwa Museum of Questionable Medical Devices, ndipo atapuma mu 2002 katunduyo anapita ku Science Museum of Minnesota. Ku Minneapolis komweko kuli Bakken Museum, yoona za magetsi ndi thupi la munthu. Science Museum ya ku London imasunga zinthu zambirimbiri zimene Henry Wellcome anasonkhanitsa. Zithunzi za katundu wawo zili pa intaneti ndipo zimathandiza kuzindikira chanu. Mukafuna kupereka, lembani kalata kaye, musangotumiza phukusi. Ogwira ntchito kumeneko angakuuzeni kuti ndi chiyani, koma mtengo sanena.

Kodi malamulo amalola kugulitsa zinthu zimenezi?

Kugulitsa ngati chinthu chakale chosunga, m'mayiko ambiri palibe vuto. Kugulitsa ngati mankhwala ndi mlandu. Ku America lamulo la 1906 linkakhudza zakudya ndi mankhwala koma linasiya makina, n'chifukwa chake zipangizozi zinachuluka chonchi. Lamulo la 1938 ndilo linapatsa FDA, bungwe la boma loona za zakudya ndi mankhwala, mphamvu pa makina, ndipo la 1976 linakhwimitsa. Mu 1951 khoti linagamula kuti ma violet ray a kampani ya Master Appliances ya ku Marion, Indiana, alandidwe chifukwa cha malonjezo abodza. Relax-A-Cizor, makina ogwedeza minofu ndi magetsi amene anagulidwa oposa 400,000, analetsedwa ndi khoti mu 1970, ndipo FDA inachenjeza kuti ngakhale kugulitsa ogwiritsidwa kale ntchito n'kulakwira lamulo. Ku Britain, Cancer Act ya 1939 imaletsa kutsatsa kwa anthu chilichonse chonena kuti chimachiza khansa.

Onaninso zimene anapangira. Zogwirira zoyera zingakhale za mnyanga wa njovu, ndipo zina n'za chigoba cha kamba wa m'nyanja. Zimenezi zili pansi pa pangano la mayiko loteteza nyama ndi zomera zakuthengo lotchedwa CITES zikamadutsa malire, ndipo Britain inaletsa pafupifupi malonda onse a minyanga kuyambira Juni 2022. Lamulo loti mulitsate ndi la dziko lanu ndi la dziko la wogula, onse awiri.

Ndilembe chiyani potsatsa?

Lembani zimene maso akuona: dzina la wopanga, nambala ya patent, kutalika ndi kulemera, chiwerengero cha magalasi, chimene chikusowa, pamene pathyoka. Jambulani chilema chilichonse pafupi. Onjezani chiganizo chomveka chakuti n'chosunga ndi kuonetsa basi, sichinayesedwe, ndipo si chochizira.

Malonjezo akale aja asiyeni aoneke pa chithunzi cha pepala, monga mbiri. Musawakopere pa mutu wa malonda. Ndaonapo ogulitsa akulemba mayina a matenda pamutu kuti anthu ambiri apeze tsamba lawo. Koma amene amalemba dzina la matenda pofufuza usiku si wosonkhanitsa zakale. Ndi wodwala, kapena amene akudwazika.

Wogula wina akuti akufuna kuchigwiritsa ntchito pa matenda. Ndimugulitse?

Ayi. Ngakhale awonjezere ndalama.

Zinandichitikirapo. Ndinatsatsa violet ray yokongola, ya magalasi asanu ndi limodzi, ndipo bambo wina analemba kuti alipira kuposa mtengo wanga ndikatumiza mawa lomwe. Kumapeto anawonjezera kuti mayi ake ali ndi chotupa m'bere, akuopa opaleshoni, ndipo anawerenga kuti kuwala kumeneku kumasungunula zotupa. Ndinayankha kuti, "Pepani kwambiri bambo, chipangizochi sichichiza chilichonse, ndipo sindingakugulitseni. Chonde pitani nawo mayi kuchipatala sabata ino, mukawauze adokotala za mantha awowo." Anakwiya, anati ndikuwamana mwayi. Sindinamvenso za iwo, ndipo ndimawakumbukira nthawi zambiri.

Choopsa chachikulu si kugwidwa ndi magetsi. Ndi masabata amene amapita munthu akudikira kuti bokosi lichite zimene silingachite, chotupa chikukula. Umu ndi m'mene makinawa ankaphera anthu kalelo, ndipo angatero lero ngati wogulitsa atseka maso.

Koma ena amati agogo awo zinkawathandiza. Zonse zinali zabodza?

Kumva bwino kunalipo ndithu, ndipo nkhani ya Elisha Perkins imafotokoza chifukwa chake. Dokotala ameneyu wa ku Connecticut analandira patent mu 1796 ya tindodo tiwiri tachitsulo, totalika ngati chala, timene ankati timakoka matenda tikamadutsitsidwa pamalo owawa. Ankagulitsa madola 25, ku England ndalama zagolide zisanu zotchedwa guinea, ndalama zambiri nthawi imeneyo, ndipo anthu ankachitira umboni kuti achira. Mu 1799 John Haygarth, dokotala wa ku Bath, anasema tindodo tathabwa n'kutipaka utoto kuti tioneke ngati tachitsulo. Odwala nyamakazi amene anawayesa nato ananenanso kuti ululu wachepa. Chimene chinkagwira ntchito chinali chiyembekezo cha wodwala ndi chisamaliro cha womugwira, osati chitsulo. Perkins anamwalira chaka chomwecho ku New York ndi yellow fever, matenda amene anapita kukalimbana nawo.

N'zoona kuti masiku ano zipatala zimagwiritsa ntchito magetsi ochepa pochepetsa ululu, ndiponso radiation pochiza khansa. Koma kumeneko mlingo amachita kuyeza, ndipo pali umboni wa matenda amene zimathandiza ndi amene sizithandiza. Bokosi lolonjeza kuchiza dazi, kugontha ndi shuga nthawi imodzi silinali pa njira imeneyo.

Ndilongedze bwanji?

Galasi lililonse litulutseni m'bokosi, mulikulunge palokha, chifukwa timapanda takale sitigwiranso. Chopukusira chimasuleni ngati chimachoka mosavuta. Ikani pepala loyera pakati pa chivindikiro ndi zitsulo kuti zisakande chithunzi. Katoni yaing'ono ilowe m'katoni yaikulu, pakati pali zofewa. Lipirani inshulansi, sungani zithunzi za m'mene munalongedzera, ndipo pa fomu ya kasitomu lembani zoona. Mercury, mabatire otayikira ndi chilichonse cha radium sizipita pa positi wamba.

Wina wandiuza kuti ndipeza zambiri ndikagulitsa zidutswa padera. N'zoona?

Nthawi zina masamu amatero, makamaka pa magalasi a violet ray, chifukwa anthu amafuna olowa m'malo mwa osweka. Ngati bokosi linawola kale ndipo zatsala zidutswa, gulitsani padera, muthandiza wina kukwaniritsa chake. Koma chokwanira musachimwaze, ndipo mapepala asasiyane ndi makina: kabuku, lisiti, envelopu, kalata ya kampani, zonse zipite kwa munthu mmodzi.

M'bokosi lina limene ndinagula, pansi pa nsalu ya m'kati munali kapepala kopindidwa kanayi, kolembedwa ndi pensulo. Mwini wake ankalemba tsiku, mphindi, ndi malo: Lolemba, mphindi 10, bondo lamanzere. Lachitatu, mphindi 15. Masiku oyamba zilembo zinali zoongoka, pambali pali mawu oti akumvako bwino. Pofika sabata yachisanu mphindi zinali zitakwera kufika 30, zilembo zikunjenjemera, ndipo pambali panalibenso mawu. Sabata yachisanu ndi chimodzi ili ndi mizere iwiri yokha. Wogula wina ankafuna magalasi okha, wina ankafuna kapepalako kokha kuti akaike m'felemu. Ndinadikira miyezi inayi mpaka kunabwera mphunzitsi wa anamwino amene anatenga zonse pamodzi, ndipo kapepalako ndinakabwezera pansi pa nsalu pamene ndinakapeza.